MOÇAMBIQUE NDI ANANSI AKE: MBIRI YA SADC NDI ZOKONGOLA ZA KU NIASSA

1. Pa cipata ca ku Mandimba

Mukaima m'mawa pa cipata ca ku Mandimba mudzaona zambiri. Mudzaona anyamata a njinga atamanga matumba a cimanga. Mudzaona amai atasenza madengu a usipa. Mudzaonanso magalimoto aakulu atandanda pa mzere. Ena akupita ku Chiponde, ku Namwera ndi ku Mangochi, m'dziko la Malawi. Ena akubwera kuno kwathu. Anthu akulonjerana m'Ciyao, m'Cinyanja ndi m'Cimakhuwa. M'thumba limodzi muli metikali, m'thumba lina muli kwacha.

Ana a lero amaona ngati zinthu zinali conco kuyambira kale. Koma akuluakulu akudziwa. Panali nthawi imene njira iyi inali yoopsa. Panali nthawi imene anthu ankaoloka malire usiku, akuthawa, mwana ali kumsana.

M'phunziro ili tiwerenga mbiri ya bungwe la maiko a kum'mwera kwa Africa, lochedwa SADC. Tiona m'mene dziko lathu linalowera m'bungwe limeneli. Tionanso zinthu zokongola zimene zili m'cigawo cathu ca Niassa, zimene alendo angabwere kudzaona.

2. Malire amene sitinalembe ndife

Makolo athu sankadziwa malire a Moçambique ndi Malawi. Ayao, Anyanja ndi Amakhuwa ankayenda momasuka. Ankakwatirana. Ankagulitsana mcere, makasu, nsomba ndi nsaru. Amalonda aciyao ankayenda ulendo wa pansi kucokera ku nyanja ya Niassa mpaka ku Kilwa ndi ku Ilha de Moçambique.

M'caka ca 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anapangana za malire. Anapangana okhaokha. Sanafunse mfumu ya kuno ngakhale imodzi. Mzere unadutsa pakati pa abale. Malume anakhala wa Angelezi, muphwa wake nakhala wa Apwitikizi.

Dziko lonse la Niassa linaperekedwa kwa kampani yochedwa Companhia do Niassa. Kampani iyi inalamulira mpaka caka ca 1929. Nchito yake yaikulu inali kusonkhetsa msonkho wa nyumba. Pambuyo pake boma la Apwitikizi linayamba kulamulira lokha. Linapitiriza cibalo, ndipo linakakamiza anthu kulima thonje. Cifukwa ca mabvuto amenewa anthu ambiri anathawira ku Nyasaland. Ena anapitirira mpaka ku Rhodesia ndi ku Joni kukafuna nchito.

Apwitikizi anamanganso njanji. Njanji yocokera ku gombe la nyanja ya mcere inafika ku Cuamba mu 1950. Pambuyo pake Cuamba anayamba kuchedwa Nova Freixo. Mu 1969 njanji inafika ku Lichinga, kumene kunkachedwa Vila Cabral. Mu 1970 nthambi ina inacoka ku Cuamba, inadzera ku Entre Lagos, nilowa m'Malawi pa Nayuchi. Kuyambira pamenepo katundu wa ku Malawi anayamba kudutsa kwathu kuno popita ku doko la Nacala.

Kumbukirani njanji imeneyi. Tidzaichulanso kambiri m'phunziro lino.

3. Ufulu ndi mtengo wake

FRELIMO inabadwa mu 1962 ku Dar es Salaam, m'dziko la Tanzania. Mtsogoleri wake woyamba anali Eduardo Mondlane. Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Setembro 1964. Niassa inali cimodzi mwa zigawo zoyamba kumenya nkhondoyi. Anansi anatithandiza. Tanzania ndi Zambia anapereka malo, njira ndi pobisala.

Pa 25 Junho 1975 dziko lathu linalandira ufulu. Samora Machel anakhala Pulezidenti woyamba. Koma anansi ena anali asanamasuke. Ku Rhodesia kunkalamulira azungu owerengeka, motsogozedwa ndi Ian Smith. Ku South Africa kunali lamulo la tsankho, losankha anthu poona khungu. Namibia nayenso anali m'manja mwa South Africa.

Akuluakulu amati, mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Moçambique anagwirizana ndi Tanzania, Zambia, Botswana ndi Angola kuti athandize anansi amene anali asanamasuke. Maiko asanu awa ankachedwa Maiko a Patsogolo pa Nkhondo. Atsogoleri ake anali Samora Machel, Julius Nyerere, Kenneth Kaunda, Seretse Khama ndi Agostinho Neto.

Pa 3 Março 1976 Moçambique anatseka malire ake ndi Rhodesia. Cinali cinthu cowawa. Doko la Beira ndi njanji yake zinkabweretsa ndalama zambiri ponyamula katundu wa Rhodesia. Ndalama zimenezo zinatha, ndipo anthu ambiri anataya nchito. Asilikali a Smith ankalowanso m'dziko lathu ndi kupha anthu, monga anacitira ku Nyazónia mu 1976 ndi ku Chimoio mu 1977.

4. Msonkhano wa ku Lusaka

Atsogoleri aja anaona bvuto lina. Mbendera zinali zatsopano, koma cuma cinali cikadali m'manja mwa ena. Njanji zambiri ndi miseu yambiri zinkaloza ku South Africa. Katundu wa m'masitolo ankacokera komweko. Amuna ambiri ankagwira nchito m'migodi ya komweko. Kodi ungatsutsane bwanji ndi munthu amene wagwira makiyi a nkhokwe yako?

Mu Julho 1979 nduna za maiko aja zinakumana ku Arusha, m'dziko la Tanzania, kukambirana za bvuto limeneli. Kenaka pa 1 Abril 1980 maiko asanu ndi anai anasonkhana ku Lusaka. Maikowo anali awa: Angola, Botswana, Lesotho, Malawi, Moçambique, Swaziland, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Zimbabwe analandira ufulu wake pa 18 Abril, patangopita masiku 17. Swaziland lero amachedwa Eswatini.

Pa msonkhano umenewu panabadwa bungwe lochedwa SADCC. Zilembo izi zikuimira mau a Cingelezi. Tanthauzo lake ndi msonkhano wogwirizanitsa nchito za citukuko kum'mwera kwa Africa. Colinga cake cacikulu cinali cakuti maiko athu acepetse kudalira South Africa wa tsankho.

Conco Moçambique sanacite kupempha malo m'bungweli. Iye anali mmodzi mwa amene anaimika nsanamira zake.

Mutu umodzi susenza denga. Maiko aja anagawana nchito monga timagawanirana pomanga nyumba. Angola anatenga nchito ya mafuta ndi magetsi. Zimbabwe anatenga nchito yoona kuti cakudya cikhale cokwanira. Tanzania anatenga mafakitale ndi malonda. Botswana anatenga nchito yofufuza za ulimi ndi matenda a ziweto. Malawi anatenga nsomba, nkhalango ndi nyama za kuthengo. Moçambique anapatsidwa nchito ya mtengatenga ndi mtokoma, ndiye kuti njanji, madoko, miseu ndi matelefoni.

Cifukwa ciani nchito imeneyi inapatsidwa kwa ife? Yang'anani pa mapu. Mwa maiko asanu ndi anai aja, asanu ndi limodzi alibe nyanja ya mcere. Sitima za pamadzi sizingafike kwao. Ife tili ndi madoko atatu aakulu: Maputo, Beira ndi Nacala. Doko la Nacala ndi lakuya mwacilengedwe, ndipo sitima zazikulu zimakoceza popanda bvuto. Khomo la anansi athu lili pa gombe lathu. Ndipo njira yopita ku khomo la Nacala imadutsa pa Cuamba.

Mu Novembro 1980 msonkhano wina unacitikira ku Maputo. Kunabwera maiko a kutali amene analonjeza ndalama. Zambiri mwa ndalamazo zinali zokonzera njanji ndi madoko.

5. Zaka za nkhondo

Koma nchito yokonza inakumana ndi nkhondo. Iyi ndi nkhondo ya zaka 16, ya pakati pa boma la FRELIMO ndi RENAMO. Poyamba RENAMO inkathandizidwa ndi Rhodesia, ndipo pambuyo pake ndi boma la tsankho la South Africa. Milatho inagwetsedwa. Njanji inazulidwa. Sitima zinaomberedwa. Mu 1984 sitima zonyamula katundu wa ku Malawi zinasiya kuyenda pa njanji ya Nacala.

Tonse tinabvutika. Ku Cuamba ndi ku Lichinga kunasowa mcere, sopo, nsaru ndi mafuta. Mlimi analibe kogulitsa mbeu zake. Malawi nayenso anabvutika. Kucokera ku Blantyre kupita ku Nacala pali makilomita pafupifupi 800. Tsopano katundu wake ankazungulira mpaka ku Durban, ulendo wa makilomita oposa 2,000. Feteleza ndi mafuta zinakwera mtengo. Apa aliyense anaona kuti njanji ikaduka pa Cuamba, mphika wa ku Lilongwe umamva.

Panalinso kusamvana pakati pa maboma. Moçambique ankadandaula kuti RENAMO ikudzera m'dziko la Malawi. Mu Setembro 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anapita ku Blantyre kukalankhula ndi Kamuzu Banda. Mwezi wotsatira, pa 19 Outubro 1986, Samora anamwalira pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, pocokera ku msonkhano wina ku Mbala, m'dziko la Zambia. Joaquim Chissano analowa m'malo mwake. Mu Dezembro caka comweco Moçambique ndi Malawi anasainirana pangano la citetezo. Kuyambira mu 1987 asilikali a Malawi anabwera kudzalondera njanji ya Nacala, ndipo ena anafera konkuno. Asilikali a Zimbabwe ankalondera njira ya Beira. A Tanzania naonso anabwera kudzathandiza.

Koma thandizo lalikulu linacokera kwa anthu wamba. Anthu oposa miliyoni imodzi a ku Moçambique anathawira ku Malawi. Mwa iwo munali anthu a ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Mecanhelas. Ambiri anakhala m'misasa ya othawa nkhondo. Ena analandiridwa ndi acibale ao m'midzi. Anapatsidwa pogona, ndipo ena anabwerekedwa kamunda. Ana anaphunzira komweko. Malire amene azungu analemba mu 1891 sanathe kudula cibale.

Mwina m'kalasi muno muli wina amene anayenda ulendo umenewu. Mbiri iyi ndi yake. Timpatse mpata atiuze.

6. SADCC isanduka SADC

Zinthu zinayamba kusintha. Mu 1990 Namibia analandira ufulu, nalowa m'bungwe lija. Caka comweco Nelson Mandela anaturuka m'ndende. Atsogoleri anaona kuti tsankho lili pafupi kutha. Anafunsana kuti, kodi bungwe lathu lithe? Anayankha kuti iai. Mdani mmodzi akupita, koma umphawi, njala ndi matenda zikadalipo.

Pa 17 Agosto 1992 anakumana ku Windhoek, m'dziko la Namibia, nasaina pangano latsopano. Bungwe linasintha dzina, linakhala SADC. Tanthauzo lake ndi banja la maiko a kum'mwera kwa Africa ogwirizana pa citukuko. Pulezidenti Chissano anasainira dziko lathu. Likulu la bungweli lili ku Gaborone, m'dziko la Botswana.

Patapita milungu yocepa, pa 4 Outubro 1992, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere ku Roma. Mfuti zinakhala cete. Othawa nkhondo anayamba kubwerera kwao. Anapeza minda itasanduka thengo, ndipo anayambanso ndi nkhwangwa ndi khasu. Mu Outubro 1994 tinaponya voti pa cisankho coyamba ca zipani zambiri.

Caka comweco ca 1994 South Africa womasuka analowa mu SADC. Dziko limene tinkaliopa linakhala mnzathu. Maiko ena anatsatira, ndipo lero bungweli lili ndi maiko 16. Kuyambira mu 2005 mpaka mu 2013 mlembi wamkulu wa bungweli anali mwana wa Moçambique, Tomaz Salomão.

7. Kodi ife tapindula ciani?

Ili ndi funso labwino, ndipo tiyenera kuliyankha moona.

Njanji ya Nacala inakonzedwa. Lero sitima zazitali zimacoka ku Moatize, m'cigawo ca Tete, zitanyamula malasha. Zimadutsa m'Malawi, zimalowanso kwathu pa Entre Lagos, zimadzera pa Cuamba mpaka ku nyanja ya mcere. Njanji ya Cuamba ndi Lichinga, yodzera pa Mitande, ndi ya makilomita 262. Inakonzedwanso ndi kutsegulidwa mu 2016. Mseu wa N13, wocoka ku Cuamba kudzera pa Mandimba ndi Massangulo mpaka ku Lichinga, kale unali wa fumbi m'cilimwe ndi wa matope m'dzinja. Tsopano uli ndi phula. Mu 2010 mlatho wa Umodzi unatsegulidwa pa mtsinje wa Rovuma, ku Negomano, kulumikiza dziko lathu ndi Tanzania.

Mu 2008 maiko ambiri a SADC anagwirizana zocotsa msonkho wa pa malire pa katundu wambiri wopangidwa m'maiko athu omwe ano. Munthu wa ku Moçambique amene ali ndi pasipoti amakaceza ku Malawi popanda kugula viza.

Koma si zonse zimene zakonzeka. Sitima ya malasha imadutsa pamudzi, koma siima kuti itenge nandolo wa mlimi. Wamalonda wamng'ono amabvutika ndi mapepala a pa malire, cifukwa amalembedwa m'Cipwitikizi kapena m'Cingelezi. Amene sadziwa kuwerenga amanyengedwa pa sikelo ndi posintha ndalama. Mapangano amasainidwa m'mizinda yakutali, koma phindu lake limafika kwa munthu amene angathe kuwerenga pepala lake yekha. Nci cifukwa cake tili m'kalasi muno.

Mtendere naonso umafuna kuusamala. Mu 2017 nkhondo ina inabuka ku Cabo Delgado, ndipo kumapeto kwa 2021 inafika ku Mecula, m'cigawo cathu comwe cino. Maiko a SADC anatumiza asilikali ao mu 2021, ndipo anakhala mpaka mu 2024.

8. Zokongola za kwathu

Njira yabwino siinyamula katundu yekha. Imabweretsanso alendo. Kodi mlendo akalowa pa Mandimba tidzamuonetsa ciani? Niassa ndi cigawo cacikulu kuposa zigawo zonse za Moçambique, ndipo cili ndi zambiri.

Tiyambe ndi madzi apafupi. Pakati pa Mandimba ndi Mecanhelas pali nyanja ya Amaramba. Kum'mwera kwake kuli nyanja ya Chiuta ndi nyanja ya Chilwa, zimene timagawana ndi Malawi. M'madambo ake muli milamba, matemba ndi mbalame za mitundumitundu. Mtsinje wa Lugenda umabadwira m'nyanja ya Amaramba. Umayenda ulendo wautali cakumpoto mpaka kukathira mu Rovuma.

Ku Ngauma kuli Massangulo, patsinde pa mapiri. Kumeneko kuli misyoni ya Akatolika imene ansembe a Consolata anayamba mu 1928. Pali chalichi cacikulu ca njerwa cimene cimaoneka munthu akali patali. Pa sukulu ya pamenepo panaphunzira ana ambiri aciyao, Asilamu ndi Akristu pamodzi. Anaphunzira kuwerenga, kupala matabwa ndi maluso ena.

Ku Cuamba kuli mapiri a Mitucué. Kumeneko kumacokera madzi ozizira. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ili mkati, anamangako damu laling'ono lopangira magetsi, mothandizidwa ndi dziko la Norway. Ku Cuamba kumakumananso njanji zitatu: ya ku Nacala, ya ku Lichinga ndi ya ku Malawi.

Tikakwera ku Lichinga timapeza dziko lozizira, la mitengo ya paini, nyemba ndi mbatata ya kacewere. Tikatsika phiri timafika ku nyanja yaikulu. Ife timaichula Niassa, anzathu amati Malawi, a ku Tanzania amati Nyasa. Ndi nyanja imodzi ya maiko atatu. Ili ndi mitundu yambiri ya nsomba kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mcere pa dziko lonse lapansi. Muli cambo, usipa, utaka, kampango ndi tinsomba tamawangamawanga tochedwa mbuna. Ku Meponda, ku Metangula ndi ku Cóbuè kuli mcenga woyera ndi madzi oti mbee. Mu 2011 boma linalengeza kuti mbali yathu ya nyanjayi ikhale malo otetezedwa.

Kumpoto kuli nkhalango yosungiramo nyama ya Niassa, imene inayamba mu 1954. Ndi yaikulu makilomita 42,000 m'litali ndi m'lifupi mukacurukitsa, ndipo palibe ina yoiposa m'dziko lathu. Muli njobvu, mikango, njati, mphalapala, nyumbu ndi mimbulu. Njobvu sizidziwa malire. Zimaoloka Rovuma kupita ku nkhalango za ku Tanzania ndi kubwereranso. Conco maiko awiriwa ayenera kuzisamala pamodzi.

Ku Sanga, pafupi ndi Rovuma, kuli Matchedje. Kumeneko FRELIMO inacita msonkhano wake waukulu waciwiri mu Julho 1968, m'kati mwa dziko lathu, Apwitikizi akadalamulira. Lero pali cipilala ca cikumbutso.

Tisaiwale zathu za m'mudzi: magule a makolo, nyimbo za pa zinamwali, mphasa, madengu ndi mbiya. Mlendo wocokera kutali amafuna kuona zimenezi.

9. Cuma cimene cingathe

Zokongola izi zingathe ngati sitizisamala. Mu 2011 m'nkhalango ya Niassa munali njobvu pafupifupi 12,000. Pofika mu 2016 zinatsala zosakwana 4,000. Zinaphedwa ndi anthu ofuna minyanga. Pambuyo pake alonda anaonjezedwa, midzi yozungulira inathandizapo, ndipo kuphako kunacepa kwambiri.

Kwathu kuno bvuto lili pafupi. Mitengo ikutha cifukwa ca makala ndi nkhuni zoumitsira fodya. Moto wolusa umatentha thengo caka ndi caka. Asodzi ena amapha nsomba ndi masikito, nakokolola ndi tiana tomwe. Nsomba za mu Chiuta sizidziwa kuti mbali iyi ndi Moçambique, mbali iyo ndi Malawi. Zikatha kuno, zathanso uko.

Makolo athu anataya zambiri kuti njira ya ku Mandimba ikhale yotseguka. Ena anataya minda, ena anataya moyo. Atsogoleri anasaina mapepala ku Lusaka ndi ku Windhoek. Nchito yotsala ndi yathu. Tisunge mtendere. Tibzale mitengo pamene tadula. Tilandire mnansi bwino, monga iye anatilandirira pa tsiku la tsoka. Ndipo tilimbikire kuwerenga ndi kulemba, kuti tikafika pa cipata tidzalembe tokha dzina lathu.

MAU OFUNIKA KUWADZIWA

Bungwe: gulu la anthu kapena la maiko amene agwirizana kucita nchito imodzi.
Doko: malo amene sitima za pamadzi zimakocezapo.
Pangano: mau amene anthu agwirizana ndi kulonjeza kuwasunga.
Tsankho: kusankha anthu poona khungu kapena mtundu.
Viza: cilolezo colowera m'dziko la eni.

TIYENI TIKAMBIRANE

1. Kodi ndi maiko ati amene anasonkhana ku Lusaka pa 1 Abril 1980?
2. Cifukwa ciani Moçambique anapatsidwa nchito ya njanji ndi madoko?
3. Kodi cinacitika nciani kwa ife ndi kwa a ku Malawi pamene njanji ya Nacala inatsekeka?
4. Kodi muli ndi acibale kutsidya kwa malire? Mumayenderana bwanji?
5. Chulani malo atatu a kwanu amene mungamuonetse mlendo.
6. Kodi m'mudzi mwanu mungacite ciani kuti mitengo ndi nsomba zisathe?

TILEMBE

Lembani m'kope mwanu mau awa: Njanji ya Nacala imadutsa pa Cuamba. Mnansi ndi m'bale. Tisamale nyanja ndi nkhalango zathu.